Kukonza fayilo ya RAW si chinyengo

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri pakati pa ojambula zithunzi, akuti chithunzi chenicheni ndi chimene chatuluka m'kamera osakhudzidwa, ndipo amene amakhala pa kompyuta n'kumakonza fayilo ya RAW, yomwe imasunga zimene kamera yayeza isanazisandutse chithunzi, akungobisa kulephera kwake. Maganizo amenewa ine sindigwirizana nawo, chifukwa chithunzi chosakhudzidwa chimene akunenacho kulibe.

Sensa ya kamera, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwake, siizindikira mitundu, imangoyeza kuchuluka kwa kuwala. M'makamera ambiri, pamwamba pake pamakhala sefa imene Bryce Bayer wa kampani ya Kodak anaikonza m'zaka za m'ma 1970, yomwe imalola kadontho kalikonse kulandira mtundu umodzi wokha: theka la timadonthoto timalandira wobiriwira, ndipo totsalato timagawana mofanana wofiira ndi wabuluu. Miyezo imeneyi ndiyo imasungidwa m'fayilo ya RAW, kaya ndi CR3 ya Canon, NEF ya Nikon, ARW ya Sony kapena DNG imene Adobe inatulutsa mu 2004. Kuti pakhale chithunzi chooneka ndi maso, pamafunika pulogalamu yoti iwerengere mitundu iwiri yosowa pa kadontho kalikonse, isankhe white balance (kulinganiza mitundu kuti choyera chioneke choyeradi) ndiponso ikhazikitse contrast (kusiyana kwa malo owala ndi akuda). Mukamajambula JPEG, yomwe ndi fayilo wamba ya zithunzi, kamera imachita zonsezi payokha motsatira zimene akatswiri a kufakitale anaikamo, kenako n'kutaya zotsala. Choncho JPEG nayonso ndi yokonzedwa kale, kungoti woikonzayo si inu.

Zotayidwazo si zochepa ayi. JPEG imasunga masitepe 256 a kuwala pa mtundu uliwonse, pamene RAW ya 14 bit imatha kusunga 16,384. Kusiyanaku simungakuone zonse zikakhala bwino, koma mukafuna kuwalitsa nkhope imene inagwera mumthunzi chifukwa kumbuyo kwake kunali thambo lowala kwambiri, JPEG imayamba kuonetsa mizeremizere ndi mitundu yachilendo pakhungu, pamene RAW imakhala ikadali ndi zambiri zoti mutulutse. Kwa ine, kujambula khungu la munthu mmene lililidi ndi chifukwa chokwanira chophunzirira luso limeneli.

Oyamba kumene amakhumudwa akatsegula RAW m'mapulogalamu okonzera zithunzi monga Lightroom, Capture One kapena darktable n'kupeza chithunzi chozilala, chosiyana ndi chimene anaona kumbuyo kwa kamera. Chimene anaonacho chinali kachithunzi ka JPEG komwe kamera imaika m'kati mwa fayiloyo, ndipo palibe chimene chaonongeka. Asaopenso kuyesa, pakuti mapulogalamuwa sasintha fayilo yoyambayo, amangosunga malangizo padera.

Komabe RAW si yokonzera chilichonse. Ngati focus (kulunjikitsa kamera kuti chojambulidwacho chioneke bwino) inaphonya kapena dzanja linagwedezeka, chithunzicho chidzakhalabe chosaoneka bwino, ndipo malo amene anawala mpaka sensa kudzaza sadzabwereranso, chifukwa pamenepo palibe chimene chinasungidwa.

Chinyengo chilipodi m'ntchitoyi, koma chimayambira pamene munthu wachotsa chinthu chimene chinalipo kapena kuikapo chimene panalibe, n'kumauza anthu kuti ndi mmene zinalili. Pa nkhani imeneyi RAW ndiyo imateteza wojambula wachilungamo, ndipo n'chifukwa chake mpikisano wa zithunzi za atolankhani wa World Press Photo umapempha amene afika m'ndime zomaliza kuti atumize mafayilo oyambirira a m'kamera, kuti awafananitse ndi zithunzi zimene apereka.