Dzuwa la Okutobala lasintha, tisamangoti ndi nyengo yake

Anthu akamadandaula za kutentha, pamakhala wina woyankha kuti, "Aaa, Okutobala ndi choncho, mvula ili pafupi." Ine mawu amenewa sindigwirizana nawonso. Mu Okutobala 2023 a nthambi yoona zanyengo adachenjeza kuti m'Chigwa cha Shire kutentha kufika madigiri 44. Chaka cha 2024 ndicho chidatentha kwambiri padziko lonse chiyambire kuyeza, ndipo ndi chaka chomwecho ng'amba yodza ndi nyengo ya El Niño idaumitsa chimanga mpaka boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Utsi wotenthetsa dziko wachuluka kuchokera kumafakitale ndi magalimoto a maiko olemera, ife gawo lathu ndi laling'ono kwambiri. Koma wopsa ndi dzuwa ndi mayi wa ku Nsanje, ndiye sitingakhale manja lende kudikira kuti a kunjawo atimvere chisoni.

Namondwe Freddy tidamuona ndi maso, tidalira maliro pamodzi. Kutentha kumapha mwakachetechete. Gogo akakomoka masana timati ndi BP. Mwana akafooka m'kalasi timati sadadye. Lowani m'kalasi ya malata opanda siling'i nthawi ya 12 koloko, ana odzaza mpaka kukhomo, mawindo ang'onoang'ono, mjigo uli kutali, mundiuze ngati mwanayo angamve masamu. Wakabaza, womanga nyumba, mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, onsewa alibe kothawira chifukwa akapuma ndiye kuti kunyumba sadya.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mthunzi. Chaka chilichonse dzinja likafika timadzala mitengo, timajambulitsa, timaombera m'manja, kenako mbande zija timazisiyira mbuzi ndi moto wolusa. Phiri la Ndirande lili mbee, Dzalanyama akutha ndi makala. Sindikunyoza wootcha makala ayi, amene amagula ndife a m'tauni, magetsi akazima tonse timathamangira mbaula. Koma mtengo umodzi wothiriridwa ndi kutchingidwa mpaka utakula uposa mbande chikwi zodzala tsiku la mwambo. Ku Chikwawa nimu amapirira dzuwa ndipo sachedwa kukula. Kumunda tisadule msangu: umakhala ndi masamba m'chilimwe, m'dzinja nkuyoyola, choncho sutchinga chimanga komanso umawonjezera chonde. Pakhomo, pasukulu, pamsika, pokwerera minibasi, paliponse pamene anthu amadikira pakhale mtengo. Makhonsolo akamakulitsa misewu aziwerengeranso mthunzi umene akuchotsa, chifukwa ambirife timayenda wapansi.

Podikira kuti mitengoyo ikule, tisinthe nthawi. Ntchito zolemetsa zigwiridwe m'mamawa ndi madzulo. Mpira wa ana usamaseweredwe dzuwa lili paliwombo. Pamaliro ndi pamisonkhano pakhale ndowa ya madzi akumwa, ndipo zolankhula zifupike. Anthu asakhale padzuwa maola atatu chifukwa cha ulemu. Imwani madzi musanamve ludzu, mowa sulowa m'malo mwa madzi. Khanda liyamwe pafupipafupi. Mukaona munthu akumva chizungulire, akusokoneza zolankhula, thupi latentha kwambiri, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumthire madzi m'thupi, muthamange naye kuchipatala. Ndipo ngati muli ndi agogo okhala okha m'nyumba ya malata, kawazondeni masana, musadikire madzulo.