Msewu sanamange, koma akulipitsa pachipata

Anthu ena mumandidabwitsa. Mukangomva kuti kampani yayikulu ya zamakompyuta yasumiridwa pa nkhani ya patenti, mumaomba m'manja, ati awafinye, ndalama ali nazo. Koma munafunsapo kuti wosumirayo anapanga chiyani? Ine nkhani ya Eolas ndikangoikumbukira mtima umachita kuwira.

Eolas kanali kakampani ka Michael Doyle ku America. Mu 1998 boma la kumeneko linapereka patenti, chikalata chonena kuti luso ili lili ndi mwini wake, ku University of California, ndipo Eolas ndiyo inali ndi chilolezo chodyera patentiyo. Luso lake liti? Loti pulogalamu ina izitha kugwira ntchito m'kati mwa tsamba la pa intaneti, monga kanema kumaonetsa pomwepo. Basi. Mu 1999 anasumira Microsoft, ndipo mu 2003 khoti la ku Chicago linagamula kuti Microsoft ilipire madola 521 miliyoni. Ndani mwa inu anatsegulapo intaneti ndi browser (pulogalamu yoonera masamba a pa intaneti) ya Eolas? Palibe. Zimene anali nazo m'manja ndi pepala ndi maloya.

Ndiye mukuganiza kuti inapweteka ndi Microsoft yokha? Mu 2006 Internet Explorer, browser ya Microsoft, inasinthidwa pozemba patentiyo, moti munthu umayenera kudina kaye pa kanema kuti mabatani ake ayambe kumvera. Anthu dziko lonse kumavutika ndi kudina kopanda pake chifukwa cha pepala la munthu mmodzi. Microsoft inakambirana nawo n'kuthetsa mlanduwo mu 2007, koma anyamatawo sanakhute. Mu 2009 anasumira makampani oposa 20 pa kamodzi, kuphatikizapo Google, Amazon, Yahoo ndi Apple, ku khoti la ku Tyler, m'chigawo cha Texas.

Apa ndi pamene pamandipsetsa mtima kwenikweni. Mu February 2012 Tim Berners-Lee anachita kupita ku Tyler kukaima m'khoti ngati mboni. Bambo amene anayambitsa World Wide Web, njira yoonera masamba pa intaneti, ali ku CERN, malo ofufuzira za sayansi ku Ulaya, ndipo mu 1993 CERN inaipereka ulere kwa aliyense. Mwini wake weniweni sanalipitse munthu ngakhale tambala, ndiye wina abwere m'mbuyo n'kumanga chipata pamsewu womwewo kuti aliyense wodutsa azisiya kangachepe? Manyazi bwanji! Khotilo linauzidwanso za ViolaWWW, browser ya Pei-Yuan Wei imene inalipo patenti ya Eolas isanapemphedwe n'komwe, ndipo anthu wamba amene anaikidwa kuti agamule mlanduwo anati patentiyo ndi yosagwira. Koma apo n'kuti patatha zaka 13 chiyambire kusumira, makampani ena atalipira kale kuti nkhani iwachoke.

Si Eolas yokha. Mu 2006 kampani yopanga mafoni a BlackBerry inalipira kampani ina yotchedwa NTP madola 612.5 miliyoni poopa kuti khoti litseka ntchito zake ku America, pamene ofesi ya patenti inali itayamba kale kukana mapatenti a NTP omwewo. NTP foni sinkapanga. Inkangodikira ena atuluke thukuta, iyo ibwere ndi kalata ya loya. Inde, ofesi ya patenti ya ku America inkangogawa mapepalawa mosasamala m'zaka za m'ma 1990, koma kupatsidwa pepala si chifukwa chokhalira kulanda anzako.

Ndipo inu amene mukuseka Microsoft ndi Apple, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu 2011 kampani ina yotchedwa Lodsys inayamba kutumiza makalata kwa anthu opanga ma app a pa iPhone, ena a iwo munthu mmodzi yekha ndi laputopu yake, ati atilipire chifukwa cha kabatani kogulira zinthu m'kati mwa app. Apple ili ndi maloya ochuluka zedi. Nanga mnyamata wopanga app yake yekha, loya amutenga kuti? Amangolipira, osati chifukwa walakwa, koma chifukwa mlandu ndi wodula kuposa zimene akumuitanitsazo.

Musaganize kuti ndikuikira kumbuyo makampani akuluakuluwa. Nawonso khalidwe lake ndi lomweli. Amazon inatenga patenti mu 1999 pa kugula katundu ndi kudina kamodzi, n'kusumira kampani yogulitsa mabuku ya Barnes & Noble chaka chomwecho. Kudina kamodzi! Apple nayo inakokera Samsung ku khoti, zina mwa zifukwa zake n'kukhala kutsetsereka kwa chala pa foni potsegula. Chala changa, foni ndagula ndekha, koma kayendedwe ka chalacho kanali ndi mwini wake ku California.