Eni njinga zamoto, lekani kupatsa ana makiyi

Ndikulankhula ndi inu anzanga amene mumagula Lifo kapena King Lion n'kumupatsa mnyamata kuti azikachita kabaza, madzulo azibwera ndi ndalama. Ndalamayo mumaiwerenga mpaka khobidi lomaliza, koma simunamufunsepo mwanayo kuti njinga anaiphunzira kuti. Tonse tikudziwa kuti anaiphunzira pabwalo la mpira, ndipo mphunzitsi wake anali mnzake amene nayenso anaigwira koyamba mwezi wathawu.

Mwana ameneyu amadziwa kuliza njinga, kulowetsa giya ndi kukoka mafuta, basi. Sadziwa kuti buleki yakutsogolo, ya kudzanja lamanja ija, ukaigwira mwadzidzidzi pamchenga kapena pamatope, tayala limatsetsereka ndipo njinga imakugwetsa pomwepo. Sadziwa kuti minibasi imaima paliponse kondakitala akangoona munthu. Choopsa kwambiri, sadziwa kuti dalaivala wa lole samuona akakhala pambali pake chakumanzere, ndiponso kuti lole ikamakhota matayala akumbuyo amadula njira n'kudya malo amene iye amaganiza kuti ndi ake. Anyamata ambiri amakonda kulowa m'kampata kameneko poganiza kuti ndi ukatswiri. Ndi chibwana chenicheni.

Wophunzira galimoto amayenda ndi chikwangwani cha L yofiira, mphunzitsi ali pambali, ndipo aliyense amamupatsa mpata. Wophunzira njinga yamoto inu mumamuponya pa M1 sabata isanathe, kumbuyo kwake kuli mayi wobereka khanda. Mtima wanu umakhala m'malo bwanji?

Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Koma taimani pa siteji ya kabaza ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi muone. Mupeza ena ndevu sizinamere, akaimitsa njinga mapazi akufika pansi ndi zala zokha. Kumapaziko kuli mapatapata, m'makutu muli mahedifoni, chisoti chikulendewera pachiwongolero. Laisensi alibe, njinga ilibe inshulansi, ndipo akaona apolisi apamsewu amakhotera m'tinjira ta m'makomo ndi liwiro, momwe mukusewera ana ang'onoang'ono.

Ngati simukundikhulupirira, kazondeni odwala ku wodi ya mafupa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mukaona anyamata miyendo ili m'mwamba, zitsulo zatuluka m'nyama. Fupa la ntchafu likathyoka limatenga miyezi kuti lilumikizane, ndipo nthawi yonseyo amene akugona pansi pambali pa bedi ndi mayi wake. Mwini njinga amakhala ali kupolisi kukafunsa ngati chitsulo chake chingakonzedwe. Wamenyetsa mutu pa tala wopanda chisoti nthawi zina safika n'komwe ku wodiko.

Tsopano inu ana anga oyendetsa. Ndikudziwa kuti ntchito ikusowa, ndipo kabaza ndi ntchito yabwino, ikudyetsa mabanja ndi kulipira fizi. Sindikukunyozani. Koma safunsa anadya phula. Pa siteji panu pali akuluakulu amene akhala pamsewu zaka zambiri osathyoka, khalani nawo pansi akuphunzitseni. Pitani kwa a Road Traffic mukatenge chiphaso. Vulani mahedifoniwo kuti muzimva hutala. Bwana akakuikirani ndalama ya tsiku yoti simungaipeze popanda kunyamula anthu atatu ndi thumba la makala, m'bwezereni makiyi ake. Mvula ikayamba, dzenje lililonse limabisala m'madzi, ndiye chepetsani liwiro ngakhale wokwera akukufulumizitsani.

Nanunso okwera muli ndi mlandu. Mumamuona bwinobwino kuti ndi mwana, koma chifukwa watsitsa mtengo mumakwera. Amayi, pindani chitenje chisalendewere, chikakodwa mu tcheni kapena m'masipoko mugwa nonse ndi mwana kumsanako. Funsani chisoti musanakhale, ndipo mukamva fungo la kachasu musakwere. Njinga ikayamba kupepera kapena kulowa pakati pa magalimoto, muuzeni aime mutsike, ngakhale simunafike. Ndipo mwini njingayo ngati mukumudziwa, kaya mumapemphera naye kutchalitchi kapena kumzikiti, kaya ndi mlamu wanu, mupitireni kunyumba mukamuuze pamaso kuti mwanayo amulande makiyi mpaka ataphunzira.