Chenjezo: Chipilala cha Asilikali Si Pochezera

Ana inu, tamverani kuno. Khalidwe limene mwayamba pa zipilala ndi manda a asilikali likutichititsa manyazi, ndipo akulufe tikakhala chete muyesa kuti tavomereza. Munthu wamkulu ndithu kukhala pa masitepe a chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles) ku Zomba botolo lili m'manja, kutsamira pakhoma kujambulitsa za pa Facebook, wina mpaka kukanda dzina la chibwenzi chake ndi msomali! Majumbo a chipisi ali mbwee, kuseri kwasanduka chimbudzi. Kodi kumudzi kwanu mungatero? Kumanda salowako popanda chilolezo cha amfumu, ngakhale kulozako chala timaletsa.

Ndikudziwa zimene mumayankha: ati nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija inali ya azungu. Zoona, sitinaiyambe ife. John Chilembwe yemwe analemba kalata mu November 1914 kudandaula kuti amphawi akufera mkangano wa eni ake. Koma magazi anakhetsedwawo anali a yani? Pa 9 September 1914 ku Karonga anthu akuda anagwa mbali zonse, ya Angelezi ndi ya Majeremani yomwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi amtengatenga. Nkhondo ya Chiwaya, monga makolo ankaitchulira, inakokera anthu pafupifupi 200,000 a dziko lino ku ntchito yosenza katundu, ambiri mokakamizidwa. Ankayenda chosavala nsapato, bokosi la zipolopolo pamutu, mvula ikuwakuntha, kamwazi ndi malungo zikuwatha. Wogwa panjira ankasiyidwa pomwepo. Kwawo mayi anadikira mpaka kukalamba, maliro osaika, manda osawadziwa. Mbumba za anthu amenewa zilibe kwina kokaima n'kuwerama koposa pa zipilala zomwe inu mwasandutsa bala.

Pa nkhondo yachiwiri ana a amenewo anafika ku Abyssinia (Ethiopia), Madagascar mpaka kunkhalango za Burma. Ndipo musamati ndi zakale. Mu November 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni ku DRC, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania wovulala. Amasiye awo alipo, akukuonani.

Tsono Lamulungu lachiwiri la November, tsiku lokumbukira asilikali ofera ku nkhondo, lipenga likalira 11 koloko, kaya muli ku Zomba, pa chipilala cha ku Area 18 ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, vulani chipewa, zimitsani foni, khalani chete mphindi ziwiri zokha. Amakaniko ndi a kabaza, hutala idikire. Mukaona gogo wavala mamendulo pa jekete lothaitha, musamuseke. Mupatseni mpando ndi moni wa manja awiri. Amene muli kufupi ndi Memorial Home, nyumba yosungirako asilikali okalamba ku Zomba, kazondeni okalamba aja ndi sopo ndi shuga. Inu a ku Karonga, tengani ana mukawaonetse manda a nkhondo aja, ndipo mbuzi zanu muzimangirira kwina.