Ma dev a ku Harare, Lusaka ndi Lilongwe: makampani amatikoka mosiyana

Amene timalemba khodi kuno ku Harare koma kwathu kwenikweni kuli ku Dedza, Mangochi kapena Chipata, timaona zinthu za mbali zitatu nthawi imodzi, chifukwa pa gulu la WhatsApp lomwelo muli wina ali ku Mufakose, wina ku Area 25, wina ku Kabwata, ndipo tonse tikulimbana ndi funso limodzi, kodi apu yangayi ilandira bwanji ndalama kuchokera kwa kasitomala. Ndiye ine ndikamva kampani ikunena kuti ikumanga gulu la ma developer, anthu olemba mapulogalamu a kompyuta ndi foni, sindiyamba ndayang'ana ma tisheti kapena chakudya cha pa hackathon (mpikisano wolemba mapulogalamu) ayi, ndimayang'ana ngati mwana wa ku koleji amene alibe kampani yolembetsedwa angathe kutsegula laputopu usiku magetsi atabwera, n'kuwerenga ma docs (malangizo olembedwa a kampaniyo), n'kuyesa API (khomo lolumikizira apu yake ku makina a kampaniyo) osapempha chilolezo kwa bwana aliyense.

Tiyambe ndi kuno. Zimbabwe ili ndi chimphona chimodzi, kampani ya mafoni ya Econet, ndipo EcoCash, njira yake yotumizira ndalama pa foni, chiyambireni 2011 inalowa paliponse, mu kombi, pa msika wa Mbare, kusukulu. Cha m'ma 2014 anatsegula Muzinda Hub kuti aphunzitse achinyamata kulemba mapulogalamu, ndipo ambiri ndithu anayambira pamenepo, zimenezo sitingakane. Panalinso Hypercube Hub yomwe inatsegulidwa 2013 ndi ndalama za ma donor koma sinakhalitse, patangopita zaka zochepa inatsekedwa. Chomwe ndimaona ine n'choti njira ya kuno inali yophunzitsa anthu ambiri kenako n'kuwasiya apite, ngati kumwaza chimanga m'munda osabweranso kudzapalira. Munthu wamaliza kosi, ali ndi satifiketi, koma mawa lake akumana ndi ndani, afunsa kuti akakakamira?

Amene anagwira mitima ya ma dev kuno ndi kampani yaing'ono poyerekeza, Paynow. Sanachite zaphokoso, anangoika ma docs poyera, ma SDK (khodi yokonzeratu yolumikizira) a zilankhulo za khodi monga PHP, Python, Node ndi Java pa GitHub, tsamba logawanirapo khodi, ndi njira yoyesera usanayambe kulandira ndalama zenizeni, ndiye munthu ukalumikiza kamodzi umalandira EcoCash, OneMoney ndi makhadi pamalo amodzi. Funsani aliyense wapanga shopu ya pa intaneti kuno, ambiri akuuzani kuti anadutsira pamenepo. Ndipo gulu lenileni, la anthu odziwana nkhope, linamangidwa ndi odzipereka okha, anyamata ndi atsikana a Python amene anachititsa msonkhano wa PyCon Zimbabwe koyamba mu 2016, a ZimboPy amene amaphunzitsa atsikana, a GDG Harare (gulu la ma dev lothandizidwa ndi Google) ndi misonkhano yawo ya DevFest. Marlene Mhangami anachokera m'gulu lomweli mpaka kukakhala mu bodi ya Python Software Foundation ndi kutsogolera PyCon Africa ya ku Accra mu 2019. Palibe kampani ya mafoni inamutuma, anthu anangoyamba kukumana basi.

Koma vuto la kuno limene anzathu a ku Lusaka sangalimvetse bwino ndi ndalama yeniyeniyo. Taganizani, dola ya America 2009, ma bond note 2016, msonkho wa 2% pa zotumiza 2018, dola ya RTGS 2019, ndalama yatsopano ya ZiG mu Epulo 2024. Kusintha kulikonse dev amayenera kutsegulanso khodi, kukonza mitengo, ma akaunti awiri awiri, ma lipoti onse. Apa mpamene kampani imaonekera ngati imasamaladi anthu olembera pa nsanja yake, chifukwa tsiku limenelo sufuna mphotho ya hackathon, ufuna injiniya wawo ayankhe uthenga lero lomwe.

Ku Zambia ndimawasirira pa chinthu chimodzi, kupirira. BongoHive inayamba 2011 ku Lusaka, anyamata ochepa akungokumana kugawana zomwe akudziwa, Lukonga Lindunda ndi anzake, ndipo mpaka pano ilipo. Zimenezi si zazing'ono amwene, chifukwa kampani yakunja kapena banki ikafuna kulankhula ndi ma dev a ku Zambia imadziwa khomo loti igogode, ndipo mwana amene anabwera ali ku sekondale amadzabweranso ali ndi kampani yake n'kuphunzitsa ena. Asikana Network nayonso yakhala ikukoka atsikana kwa zaka zambiri. Kenako MTN inatsegula MoMo API yokhala ndi sandbox, malo oyeserera, umangolembetsa ndi imelo, umatenga ma key, n'kuyamba kuyesa kulipiritsa ndi kutumiza ndalama zabodza. Inde ukafuna kupita live pamakhala mapepala, KYC (kutsimikizira kuti ndiwe ndani), kudikira, koma kuphunzira kokha sikufuna kalata. Airtel nayo ili ndi tsamba la ma developer la mayiko ake onse, Zambia ndi Malawi momwemo. Nzeru imeneyi inaonekanso ku Kenya, kumene Safaricom inatsegula API yake ya Daraja mu 2017 ndipo ma dev anayamba okha kulemba ma library ndi maphunziro pa YouTube osalipidwa.

Tsono kwathu ku Malawi nkhani yake ndi ina, ndipo ndimaikonda ngakhale imandipweteka. Ma dev ambiri olimba a kumudzi sanakulire m'manja mwa kampani ya mafoni kapena banki, anakulira m'chipatala. Baobab Health inayamba kuika makompyuta ogwira pa sikirini ku chipatala chachikulu cha Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndi mapulogalamu a open source (a khodi yotseguka kwa aliyense) olembedwa ndi Amalawi, ambiri mu Ruby on Rails, ndipo ena anakulira pa DHIS2, pulogalamu yosungira ziwerengero za zaumoyo, ku Chanco. Anthu amenewa amadziwa kulemba chinthu chogwira ntchito netiweki itathawa, magetsi a ESCOM atazima, namwino ali ndi mzere wa anthu mpaka panja. Luso limenelo silipezeka pa kosi ya pa intaneti. Koma khomo lake linali ntchito ya mu pulojekiti, osati gulu lotseguka, ndiye ndalama za donor zikasuntha timu imabalalika ndipo nzeru zija zimapita ndi anthu ake. mHub ya Rachel Sibande, imene inayamba 2013 ku Lilongwe, ndi Mzuzu E-Hub kumpoto anayesetsa kutsegula khomo lina la ana amene sali mu NGO. Masiku ano PayChangu ikuchita zofanana ndi zomwe Paynow inachita kuno, kulumikiza Airtel Money, Mpamba ndi makhadi pa API imodzi, ndipo ndikaona ana a ku MUBAS akuthandizana pa za API imeneyi m'magulu mtima wanga umakhala m'malo.

Za South Africa sinditaya nthawi, kumeneko makampani amathamangira ma dev chifukwa akufuna kuwalemba ntchito, ndipo ndi kumene anzathu ambiri a kuno athera, kukwera basi pa Roadport ulendo wa ku Beitbridge kapena kungokhala ku Avondale komweko n'kumagwirira kampani ya ku Cape Town.

Makampani akunja monga Google ndi Facebook, njira yawo ndi imodzi m'mayiko onse atatu, amapeza wachinyamata wodzipereka, amamupatsa dzina ndi masitika, mwina kandalama ka malo ndi chakudya, iye n'kumathamanga yekha. Zathandiza ambiri, sindinyoza. Koma Facebook Developer Circles itatha ku likulu, magulu ake kuno ndi ku Lusaka anangozilala, chifukwa chisankho sichinapangidwe ndi ife.

Mukandifunsa, Lusaka ili patsogolo pa kamangidwe, Lilongwe pa kuzama kwa luso, Harare pa kuchuluka kwa anthu aluso amene akusowa wowagwira dzanja. Starlink yafika konse, Malawi ndi Zambia 2023, kuno 2024, ndiye chowiringula chakuti intaneti ndi yovuta chayamba kuchepa mphamvu kwa amene angakwanitse. Zomwe ndikufuna kwa makampani a kuno ndi zosavuta, sandbox yoti munthu alowe ndi imelo yokha, ma docs osinthidwa sabata yomweyo ndalama ikasintha, injiniya mmodzi wopatsidwa ntchito yoyankha mafunso pagulu, ndi chipinda chokhala ndi sola ndi mipando makumi atatu choti a Python ndi a GDG azikumanamo Loweruka lililonse osalipira lendi.