Ndalama zochepa sizipha filimu

Zoti mafilimu otchipa a mizukwa yoyamwa magazi ndi ongotayitsa nthawi, ine ndakana. Kaonereni What We Do in the Shadows ya 2014, imene Taika Waititi ndi Jemaine Clement anajambula ku New Zealand. Mizukwa ya zaka mazanamazana ikukhala nyumba imodzi ku Wellington, n'kumakangana za mbale zosatsuka zothathamira magazi! Umaseka mpaka nthiti kuwawa, kenako chisoni chimakugwira poona wina ataima panja usiku, akusuzumira pawindo la nkhalamba imene anaikonda idakali namwali, iye osakalamba. Poti ndalama za zithunzi za pakompyuta n'zochepa, opanga amadalira mdima, kamera yonyamula pamanja ndi luso la ochita sewero.