Mpando wa ndege sautembenuza chisawawa

Bambo amene mwalemba nkhaniyi, mukuti kutembenuza mipando yapakati mu ndege yakale ya Beechcraft Bonanza A36 kuti anthu azikhala moyang'anizana n'kosavuta. Pepani, apo ndiye takaniranapo.

Mpando woyang'ana kumbuyo umafuna chotsamira cholimba ndi potsamiritsa mutu, chifukwa ndege ikaima mwadzidzidzi thupi lonse limakankha chotsamiracho. Kungomasula mpando wakale n'kuuzunguliza, ayi. Pamafunika zipangizo zovomerezeka, kaya za kampani yomwe inapanga ndegeyo kaya zokhala ndi STC (chikalata chovomereza kusintha kapangidwe ka ndege), ndipo kuno ku Zimbabwe a CAAZ, bungwe loyang'anira za ndege, ayenera kuvomereza ntchitoyo, injiniya wa laisensi asainire.

Chimene mwadumpha ndi weight and balance, kutanthauza kulemera kwa ndege ndi mmene kulemerako kwagawidwira. Mpando ukasuntha, pakati pa kulemera kwa ndege pasunthanso, ndiye ziwerengero zonse zilembedwe mwatsopano. Komanso Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500. Mukanyamuka pa bwalo la ndege la Charles Prince, pafupi ndi Harare, masana mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mpweya umakhala wopepuka ndipo injini imachepa mphamvu. Anthu 6, katundu, mafuta odzaza matanki? Mudzathamanga msewu wonse wonyamukirapo ndege ikukana kudzuka.

Za kukongola sinditsutsa, kucheza kumakoma mukamayang'anana. Koma mawondo amagundana, makamaka ife ataliatali.